Makobidi akale m'nthaka ya Kasungu: amalira bwanji pa makina, ndipo ndi a yani?

Mvula yoyamba ikagwa mwamphamvu n'kuguga m'mphepete mwa njira, nthaka ya kuno ku Kasungu imalavula zimene inameza kalekale. Chaka chatha mwana wa achimwene anga, akuchokera kusukulu, anatola kachitsulo kozungulira koboola pakati, kobiriwira ngati ndere. Iye ankayesa washala wa njinga. Atafika nako kunyumba, agogo ake anakaviika m'madzi, kukapukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kukayang'anitsitsa padzuwa. Panaoneka njovu ziwiri zitaima ndi miyendo yakumbuyo, chiboo chili pakati pawo.

"Iwe, si washala uyu," anatero agogowo. "Ili ndi khobidi, ndalama ya nthawi ya chitaganya."

Sabata isanathe nkhani inali itawanda mudzi wonse. Wina anati ku Lilongwe kuli anthu ogula makobidi oboola pamtengo woti munthu n'kugulira galimoto. Wina anaonetsa pafoni kanema wa mzungu akuyendetsa makina pa kapinga wa paki ya kwawo, makinawo n'kulira, iye n'kufukula ndalama yasiliva. Kenako mnyamata wina wa kabaza anandipeza n'kundifunsa kuti, "Madala, bwanji ndigulitse njingayi ndiitanitse makina amene aja?" Funso lake ndi limene landikhazika pansi kuti ndilembe, chifukwa anafunsa ndi mtima wonse, ndipo njingayo ndi imene imadyetsa ana ake.

Makina ofufuzira zitsulo, amene ena amangowatchula kuti ditekita, ndi ndodo yokhala ndi chimbale kunsi kwake. M'chimbalemo muli mawaya okulungidwa mozungulira, kawirikawiri magulu awiri. Gulu loyamba limalandira magetsi a batire amene amasintha kolowera maulendo zikwizikwi pa sekondi imodzi, ndipo potero limaponya mphamvu ya maginito m'nthaka. Mphamvuyo ikakumana ndi chitsulo imadzutsa timagetsi tozungulira m'kati mwa chitsulocho, ndiye chitsulocho chimayankha ndi kamphamvu kakekake. Gulu lachiwiri la mawaya ndilo khutu, limamva yankholo n'kulisandutsa kulira. Siliva ndi kopa zimadutsitsa magetsi mosavuta, choncho zimayankha mosiyana ndi msomali wadzimbiri, ndipo makina amakono amaonetsa nambala yosonyeza mtundu wa chitsulo chimene akuchiganizira.

Mawu oti "akuchiganizira" ndawasankha dala. Makina saona pansi. Chitsekerero cha botolo, kachidutswa ka chitini cha aluminiyamu, pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu, zonsezi zimatha kulira ngati ndalama kapena mphete. Vutoli linabadwa limodzi ndi makinawo. Mu 1881, mtsogoleri wa dziko la America James Garfield atawomberedwa, Alexander Graham Bell, yemwe uja wa telefoni, anapanga chida chofufuzira chipolopolo m'thupi mwake. Chipolopolocho sichinapezeke, ndipo chimodzi mwa zimene zinasokoneza chinali mawaya achitsulo a bedi limene wodwalayo anagonapo. Makinawa anadzakhwima pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene msilikali wa ku Poland, Józef Kosacki, anapanga ofufuzira mabomba okwirira pansi. Nkhondo itatha m'pamene anasanduka chida cha anthu ofuna zakale.

Nthaka yathu ili ndi mavuto akeake. Kufiira kwa katondo ndi lubwe n'chitsulo chimene chili m'dothimo, ndiye makina otchipa amangolira paliponse ngati anapiye otayika. Amene ali ndi poti n'kuwatchera kuti azolowere dothi la pamalopo amachitako bwino, koma ndi odula. Ngakhale odulawo, ndalama imodzi amaimva ikakhala pafupi, nthawi zambiri osapitirira masentimita 30, kuzama kwa khasu limodzi kapena awiri. Munthu akakuonetsani kachida ka timawaya tiwiri n'kunena kuti kamaloza golide ali pamtunda wa makilomita angapo, bwezani ndalama yanu m'thumba. Palibe makina ogwira m'manja amene amachita zimenezo.

Ndiye pali nkhani ya paki. Azungu a m'makanema aja amafufuza m'mabwalo a kapinga a m'matauni mwawo, momwe anthu akhala akuseweramo ndi kugwetsamo ndalama kwa zaka mazana. Ife malo otere sitinawazolowere. Kumene ndalama za makolo athu zinkagwa ndi pamsika wakale, pasiteji ya basi, pabwalo la mpira, pakhomo pa sitolo ya mmwenye, pabwalo la milandu, pansi pa kachere kapena mkuyu pamene anthu ankadikira malipiro a fodya. Ndipo munthu wa ku Kasungu akamva mawu oti paki, maganizo ake amathamangira kumadzulo, kunkhalango ya nyama yoposa masikweya kilomita 2,000 imene inakhala Kasungu National Park mu 1970. M'menemo zakale zilimodi: ng'anjo zosungunulira chitsulo, zojambula za pamiyala, mabwinja a midzi imene anthu ake anasamutsidwa. Koma ndiwonso malo oyamba kuwachotseratu m'mutu. Lamulo la National Parks and Wildlife Act la 1992, limene zilango zake zinakhwimitsidwa mu 2017, sililola kulowamo popanda chilolezo, ndiponso sililola kuononga kapena kuchotsamo chinthu cha mbiri yakale. Wopezeka m'nkhalangomo ndi khasu ndi makina adzavutika kufotokozera alonda kuti sanabwerere nyama kapena migodi.

Nanga m'malo enawo muli ndalama zanji? Apa ndi pamene nkhaniyi imandikoka mtima, chifukwa ndalama iliyonse imene ingatuluke m'dothi lino inafika ndi munthu, ndipo munthuyo anali ndi chifukwa chake.

Pamene David Livingstone ankadutsa m'dziko la Mwase mu 1863, kuno kunali malonda koma kunalibe ndalama yachitsulo. Minyanga ya njovu ndi akapolo zinkatsikira kwa Jumbe ku Nkhotakota, ndipo kobwerako kunali nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Makasu osula ankasinthanitsidwa ndi mbuzi kapena mchere. Choncho amene akulota nkhokwe ya ndalama zagolide za mafumu akale akulota chinthu chimene mafumuwo sankasunga. Ndalama yachitsulo inabwera pambuyo pa mfuti. Kumapeto kwa 1895 asilikali a atsamunda anagonjetsa Mwase Kasungu, n'kumanga linga lotchedwa Fort Alston. Mu 1898 anagonjetsa Angoni a Mpezeni, ndipo kumwera kwathu kunadzakhala Fort Manning, imene lero ndi Mchinji. Linga likamangidwa, chotsatira chinali msonkho wa nyumba. Unayamba kudziwika ngati mashileni atatu, ndipo kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 unakwera kufika asanu ndi limodzi, koma wogwira ntchito kwa mzungu mwezi wathunthu ankalipira theka. Msonkhowo sunkafuna nkhuku. Unkafuna chitsulo chokhala ndi nkhope ya mfumu ya ku England, ndipo chitsulocho chinkapezeka kutali.

N'chifukwa chake amuna a kuno anayamba kuyenda. Ena anapita ku minda ya ku Southern Rhodesia, ena ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi, ena pa okha, paselefu. Kamuzu Banda naye, ali mnyamata, anachoka kuno wapansi, kukaima ku Rhodesia, n'kukafika ku Johannesburg. Obwerako ankabwera ndi bokosi lachitsulo, jekete, njinga, ndi timakobidi ta maiko atatu kapena anayi m'thumba. Ena sanabwere, anasanduka matchona. Ulendo wa Wenela unadukiza mu 1974, ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha anthu a ku Malawi oposa 70 amene ankachokera ku migodi. Tiki (kandalama ka makobidi atatu) wa ku South Africa akatuluka m'mzere wa chimanga ku Santhe kapena ku Chamama, ndiye kuti panali munthu wa m'mudzimo amene anayenda ulendo umenewo n'kubwerako.

Ndalama za ku Britain ndizo zinayamba kuyenda, pamodzi ndi marupiya a ku India amene anafika ndi asilikali ndi amalonda achimwenye. Kuyambira m'zaka za m'ma 1930 kunabwera za Southern Rhodesia. Masenti oboola a ku East Africa anatha kufika ndi asilikali a KAR (King's African Rifles), gulu lankhondo la atsamunda. Kenako chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinakhalapo kuyambira 1953 mpaka 1963, chinatulutsa ndalama zake mu 1955, ndipo ndizo zimatoledwa kawirikawiri. Khobidi lili ndi njovu ziwiri, theka la khobidi lili ndi akadyansonga awiri, ndipo zonsezi n'zoboola. Tiki ali ndi duwa, shileni ili ndi mphalapala, ya mashileni awiri ili ndi nkhwazi itagwira nsomba. Zonsezi zili ndi dzina la Mfumukazi Elizabeth. Makobidi 12 ankapanga shileni imodzi, mashileni 20 ankapanga paundi.

Ufulu utabwera mu 1964, nkhope ya Kamuzu inalowa pa ndalama: tambala pa sikisipensi, ngala za chimanga pa shileni, njovu pa ya mashileni awiri. Mu 1971 tinasiya paundi n'kutenga kwacha ndi tambala, makwacha awiri kulowa m'malo mwa paundi imodzi. Shileni inasanduka 10 tambala, ndipo zithunzi za chimanga ndi njovu zinasamukira pa 10 tambala ndi 20 tambala. Ndi chifukwa chake akuluakulu ambiri anapitiriza kuwerenga mashileni zaka zambiri kwacha itabwera kale. Ya 50 tambala ndi ya K1 yachitsulo zinabwera mu 1986, nkhope ya Bakili Muluzi inalowa m'kati mwa zaka za m'ma 1990, ndipo kumadera a m'malire monga kwa Chulu kapena ku Mchinji mangwee a ku Zambia, amene anayamba mu 1968, sasowa.

Chodabwitsa n'chakuti ndalama zakale zimatuluka m'dothi zili bwino kuposa zatsopano. Khobidi la chitaganya ndi la kopa wosakaniza, limangobiriwira. Zambiri za masiku ano ndi chitsulo wamba chongokutidwa pamwamba, maginito amazigwira, ndipo zikagona m'dambo mvula zingapo zimafufuma dzimbiri mpaka zilembo kufufutika.

Tsopano funso la mnyamata wa kabaza lija: zimagulidwa zingati? Yankho lake ndi lowawa. Makobidi a chitaganya anasulidwa mamiliyoni, ndipo osonkhanitsa ndalama zakale kunja ali nawo ochuluka, ena osagwirapo ntchito n'komwe. Lotuluka m'dothi, lodyeka ndi lobiriwira, mtengo wake ndi wochepa kwambiri, sungabweze ngakhale mabatire. Zokhala ndi kamtengo ndi zasiliva, ndipo apa chaka ndicho chimanena zonse. Ndalama zoyera za ku Britain zinali siliva pafupifupi yekhayekha mpaka 1919, theka siliva kuyambira 1920 mpaka 1946, ndipo kuyambira 1947 munalibenso siliva. Za Southern Rhodesia nazo zinasiya siliva mu 1947. Mashileni a chitaganya ndi a Kamuzu, ngakhale amawala, mulibe siliva. Komanso tiki wasiliva ndi wopepuka, sakwana magalamu awiri. Munthu angakumbe mwezi wathunthu osapeza wokwanira kugula thumba la feteleza.

Mphekesera za ogula a mamiliyoni zili ndi kayendedwe kamodzi, kaya akunena za khobidi loboola, rupiya ya Ajeremani kapena simbi yamakala yakale. Wogulayo saoneka. Amene amaoneka ndi mkhalapakati, amene amafuna kaye ndalama ya mayendedwe, ya "kuyezetsa", ya mapepala. Ndalama imayenda kuchoka kwa mwini khobidi kupita kwa iye, ndipo foni imazima. Zimandipweteka chifukwa ogwa m'mbunayi nthawi zambiri ndi okalamba amene anasunga kandalamako zaka 60 m'kathumba ka mikanda.

Palinso lamulo, limene m'makanema aja satchula. Dziko lino lili ndi Monuments and Relics Act ya 1990, ndipo oyang'anira ndi nthambi ya boma ya Museums and Monuments, imene kale inkadziwika kuti Antiquities. Mwachidule, zinthu zakale za mbiri zimene zili pansi kapena pamwamba pa nthaka zimatengedwa kuti ndi za boma, kupatula zimene mwini wake angasonyeze kuti ndi zake. Kukumba ndi cholinga chofufuza zakale kumafuna chilolezo. Wopeza chinthu chotere mwangozi ayenera kudziwitsa boma, ndipo kuchitulutsa kunja kwa dziko popanda chilolezo ndi mlandu. Mwana wotola 20 tambala ya Kamuzu panjira palibe angamuvutitse. Koma munthu wopita dala ndi makina pabwinja la linga, pamishoni yakale kapena pang'anjo walowa kale m'bwalo la lamuloli, ndipo chanzeru n'kuyamba wafunsa ku ofesi ya DC kuti amulozere kwa eni ntchito. Amene akufuna golide weniweni wa m'miyala, ameneyo ali pansi pa malamulo a migodi, amene ali ndi ziphaso zakezake.

Pamwamba pa lamulo la boma pali la pamudzi. Kuno kulibe malo opanda mwini. Bwalo la mpira la m'tauni lili m'manja mwa khonsolo, la pasukulu lili ndi aphunzitsi aakulu ndi komiti, la patchalitchi lili ndi akulu a mpingo, ndipo thengo limene mukuliona ngati lachabe lili ndi banja lake ndi nyakwawa yake. Safunsa anadya phula. Manda ndi dambwe sindikufuna n'kuzitchula ngati malo ofufuzako. Ndalama imene ili pamanda kapena patsinde pa mtengo wa nsembe sinatayike, inaikidwapo, ndipo inaperekedwa kwa eni ake. Ngakhale manda a mudzi umene unasamuka kale, adzukulu ake alipo ndipo amadziwa mtengo uliwonse.

Ena anganene kuti kodi khobidi limodzi likachoka m'dothi chaonongeka n'chiyani? Ku England komweko kuli chitsanzo chimene chimayankha bwino. Mu 1992, m'mudzi wa Hoxne, bambo wina dzina lake Eric Lawes ankafufuza hamala ya mnzake imene inatayika m'munda. Makina ake anamva ndalama ndi masupuni asiliva. Atatolako pang'ono anasiya kukumba n'kudziwitsa apolisi ndi eni malo. Mawa lake akatswiri anabwera n'kufukula mosamala, ndipo zinapezeka ndalama za Aroma pafupifupi 15,000 pamodzi ndi zokongoletsera zagolide. Chifukwa choti sanavundule, akatswiriwo anatha kuona mmene zinthuzo zinalongedzedwera m'bokosi lamatabwa limene linali litaola kale. Iye analandira mapaundi 1.75 miliyoni, amene anagawana ndi mnzake uja, mlimi wa mundawo, ndipo hamalayo itapezeka nayo inakasungidwa ku British Museum. Malamulo a kumeneko ndi ena, ndipo m'nthaka yathu mulibe chuma cha Aroma. Ngakhale kumeneko munthu safufuza popanda chilolezo cha mwini malo, ndipo makhonsolo ambiri amaletsa m'mapaki awo. Chimene ndikutolapo ine ndi kusiya kukumba kuja.

Ndalama ili ndi chinthu chimene phale la mbiya lilibe: chaka cholembedwa. Khobidi la 1957 likapezeka pansi pa chiunda cha nyumba yakugwa, likutiuza kuti dothi limene lili pamwamba pake linaunjikana 1957 itadutsa. Likapezeka limodzi ndi mikanda, mapale ndi mphete yamkuwa, limapereka zaka kwa zonsezo. Mukalizula n'kuliponya m'chitini pamodzi ndi ena makumi awiri, latsala chitsulo chabe, chofanana ndi mamiliyoni ena aja. Mbiri ya Kasungu yambiri sinalembedwe. Ili m'mitu ya okalamba amene akutha chaka ndi chaka, ndiponso m'dothi. Kamuzu ankakonda kunena kuti chuma chili m'nthaka, ndipo ankanena za khasu ndi mbewu. Ine ndikaona dzenje lokumbidwa usiku pabwinja ndimaona tsamba long'ambidwa m'buku limene tili nalo limodzi lokha.

Sindikunena kuti makinawa ndi oipa. Amene ali nawo kale, kapena ali ndi ndalama yapadera yosasowetsa ana chakudya, angapeze nawo chisangalalo chenicheni m'munda mwake kapena pabwinja la makolo ake, abale atavomereza. Nthawi yabwino ndi pamene dothi lili lonyowa, chifukwa limakumbika bwino ndipo udzu umagwiranso ukabwezeredwa. Chimbale chiziyenda pafupi ndi nthaka, pang'onopang'ono, ngati munthu wosesa pabwalo la apongozi. Kadzenje kakhale kakang'ono ndipo kakwiriridwe, chifukwa pabwalo la mpira dzenje losiyidwa limathyola mwendo wa mwana ndipo kudambo limathyola wa ng'ombe. Misomali ndi zitini zimene mwafukula musazibwezere pansi. Chimene mwapeza chijambuleni chili pomwepo, ndipo mulembe tsiku, malo ndi kuzama kwake. Kunyumba musachikweche ndi mchenga, phulusa kapena mandimu. Madzi ndi kamswachi kofewa n'zokwanira, popeza kubiriwira kuja ndi khungu limene lasunga zilembo. Mukakumana ndi mafupa, mbiya yathunthu kapena ndalama zambiri pamalo amodzi, imani, kwirirani, kauzeni amfumu ndi a boma. Chimodzimodzi chitsulo chooneka ngati chipolopolo chachikulu kapena bomba, makamaka kumadera oyandikana ndi Mozambique kumene nkhondo inatha mu 1992: musachigogode, kaitaneni apolisi.

Mnyamata wa kabaza uja njinga yake akadali nayo. Khobidi lija lili m'kabotolo, pamodzi ndi kapepala kamene mwanayo analemba ndi dzanja lake: chaka cha pakhobidipo, 1961, ndi malo amene analitola, pafupi ndi chitsa cha mango kumunsi kwa njira ya kudambo. Agogo ake atamva malowo anakhala chete pang'ono, kenako anati pamenepo panali sitolo ya denga la malata, yoyamba m'dera lonselo, ndipo amayi awo ankawatuma kukagula mchere ndi machesi. Ankawamangira makobidi pa kachingwe n'kuwaveka m'khosi kuti asataye.

"Nanga agogo, inu simunatayepo?" anafunsa mwanayo.

"Kamodzi chingwe chinaduka," anatero. "Ndinafuna mpaka dzuwa kulowa. Bwera nalo kuno ndilionenso."